A VA akana claim ya amuna anga, kodi tingozisiya?

Mayi wina wandilembera kuchokera ku Indiana, ku America, za claim, pempho la chipukuta misozi ku VA, unduna wa boma woona za asilikali akale, ndadulako zina zomwe zikanawaulula koma nkhani yake ndi iyi:

"Achimwene, amuna anga anali msilikali mu US Army zaka 8, anapitako ku Iraq, anatuluka mu 2014. Chaka chatha ndinachita kuwakakamiza kuti apange claim ku VA chifukwa msana ukuwazunza, masiku ena nsapato ndimachita kuwamanga ndine, bondo lakumanja nalo limatupa, makutu amalira. Kalata inabwera miyezi 7 yapitayo, makutu avomera 10 peresenti koma msana ndi bondo akana. Za mphuno yomwe imangotseka chaka chonse anawakanira kale mu 2016 ndipo sanapangepo chilichonse. Iwo akuti zisiyeni, sindine wopemphetsa, kalatayo anangoiponya mu drowa. Usiku sagona bwino, amadzidzimuka, koma izi safuna n'komwe kuzikamba. Pali wina pa Facebook akuti atha kutithandiza kufika 100 peresenti bola tidzamupatse ndalama za miyezi 5 zikatuluka. Komanso tikuganiza zobwerera kumudzi zaka zikubwerazi. Titani?"

Achemwali, pepani ndi mavutowa, ndipo mtima ukhale m'malo chifukwa simunachedwe. Pa anthu omwe ndakhala ndikuwathandiza pa ma claim a VA zaka zonsezi, ambiri omwe lero akulandira ndalama zawo mwezi ndi mwezi anayamba alandira kalata ngati yomwe ili mu drowa mwanumo. Koma lero lomwe katulutseni kalatayo muone deti lomwe lalembedwa pamwamba. Muli ndi chaka chimodzi kuchokera pa deti limenelo, osati tsiku lomwe inafika kapena lomwe alamu anaitsegula, ndiye ngati yatha miyezi 7 ndiye kuti yatsala 5 ndipo miyezi 5 pa nkhani zosaka mapepala ku zipatala sichedwa kutha. Chaka chikadutsa sikuti chitseko chatsekedwa, mutha kubweretsabe umboni watsopano nthawi ina iliyonse, koma chomwe chimatayika ndi deti loyambira kuwerengera ndalama. Mukachita apilo chaka chisanathe ndi kupambana, amakulipirani kubwerera m'mbuyo mpaka pomwe claim inalowera, olo nkhaniyo itenge zaka zitatu ikuzungulira. Mukadutsitsa, amayambira pa tsiku lomwe mwabwereranso basi, za m'mbuyo zonse zapita.

Tsopano chifukwa chomwe amakanira. Ine ndimauza anthu kuti claim ya VA ili ngati mphika pa mafuwa atatu. Fuwa loyamba, pakhale matenda kapena chilema chomwe chilipo panopa ndipo chalembedwa ndi achipatala. Lachiwiri, pakhale chinachake chomwe chinachitika munthu ali ku usilikali, kugwa, kuvulala, kudwala, kupuma utsi, kaya phokoso la mfuti. Lachitatu, pakhale dokotala wonena kuti ichi chinabwera chifukwa cha icho, eni ake amati nexus. Limodzi likasowa mphika umagwa, ndipo kalata yokanayo imanena fuwa lomwe lasowa, kungoti anthu amawerenga tsamba loyamba pomwe palembedwa kuti denied n'kupsa mtima, osafika pa masamba a m'kati. Pitani pomwe alemba zifukwa za chigamulo pa nthenda iliyonse payokha, ndipo pansi pake mupeza mutu wakuti favorable findings, izi ndi zinthu zomwe a VA avomereza kale ndipo aliyense wodzaona nkhaniyi kutsogolo ayenera kuzitenga ngati zoona pokhapokha patapezeka kuti panalakwika poonekeratu. Mukaona kuti alemba kuti nthenda ya msana ilipo, komanso kuti anakadandaulapo za msana ali ku usilikali, ndiye kuti mafuwa awiri muli nawo kale m'manja, nkhondo yanu yatsala pa limodzi.

Sindinaione kalata yanu, koma kwa munthu wotuluka mu 2014 n'kudzapanga claim patatha zaka pafupifupi 10, pa msana nthawi zambiri pamagwa fuwa lachitatu. Alamu anaitanidwa kukayezedwa, ija amati C&P exam, woyezayo anayang'ana fayilo n'kuona kuti ku usilikali anapita ku chipatala kamodzi kokha kapena kawiri za msana, kenako zii zaka zambiri, ndiye analemba mawu awo aja oti less likely than not, kutanthauza kuti mwayi woti msanawu unayambira ku usilikali sukufika theka. Apa pali chinthu chomwe anthu ambiri sachidziwa. Lamulo silifuna kuti mutsimikize mopanda chikaiko ngati mlandu wakupha. Likuti umboni wa mbali ziwiri ukakhala pafupifupi wofanana, wopindula ndi msilikali. Ndiye chomwe mukusaka ndi dokotala woti anene kuti at least as likely as not, 50 kwa 50, basi zakwana.

Ndipo zoti anapita ku chipatala kamodzi kokha sizodabwitsa kwa aliyense amene anavalapo yunifomu. Ku Army munthu wopita pafupipafupi ku sick call, kokaonedwa ndi achipatala, amaoneka waulesi, anzake amamuseka, ndiye amangopempha mankhwala opha ululu a Motrin kwa medic wa gulu lawo n'kumwa n'kusenza chikwama chake, palibe cholembedwa paliponse. Akatuluka alibe inshuwalansi yabwino, akugwira ntchito ziwiri, amangogula mankhwala ku Walmart. Zaka za zii zija sikuti msana unali bwino, kungoti palibe anazilemba, ndiye ntchito yanu ndi kudzaza mpata umenewo. Apa ndi pomwe inuyo achemwali muli ndi mphamvu kuposa mmene mukudziganizira. A VA amalandira umboni wa munthu wamba pa zinthu zomwe waona ndi maso ake, pali fomu yake, 21-10210. Simunganene kuti ali ndi nthenda yakuti chifukwa sindinu dokotala, koma munganene zomwe munaona. Musalembe kuti amuna anga akuvutika kwambiri chonde athandizeni, izi sizisuntha munthu. Lembani monga mwandilembera inemu: kuti atabwera ku Iraq chaka chakuti anayamba kugona pansi chifukwa matilesi amawapweteka, kuti pa ulendo wa maola awiri amaimitsa galimoto katatu kuti awongoke, kuti pa sabata masiku angati mumawamanga nsapato, kuti mwana akawathamangira amachita kukhala kaye pa mpando asanamunyamule. Ikani zaka ndi malo. Ngati pali mnzawo amene anali naye gulu limodzi ndipo akukumbukira tsiku lomwe anagwa pa galimoto kapena mmene ankadandaulira, nayenso alembe yake pa fomu yomweyo. Alamu nawonso alembe yawo. Malisiti a kwa chiropractor, makalata a ku ntchito opempha tchuthi cha matenda, zonsezi sakani.

Musanasankhe njira ya apilo, pemphani fayilo yonse ya claim kuti muone zomwe woyeza uja analemba, fomu yake ndi 20-10206, koma imachedwa, nthawi zina miyezi, ndiye njira yachidule ndi kupeza woimira wovomerezeka, ambiri mwa iwo amatha kuiona fayiloyo pa kompyuta tsiku lomwelo. Za anthu amenewa ndinena pansipa. Lipoti la woyeza muliwerenge ndi pensulo m'manja. Kodi watchula zomwe alamu anamuuza? Kodi wawerenga bwino zaka? Ndinaonapo lipoti lonena kuti munthu sanadandaulepo za msana ali ku usilikali pomwe mu fayilo momwemo munali pepala la profile lomuletsa kuthamanga chifukwa cha msana womwewo. Woyeza sanafike pa tsambalo.

Njira zake zilipo zitatu kuyambira mu February 2019 pomwe lamulo latsopano la ma apilo linayamba kugwira ntchito, ndipo apa ndi pomwe anthu amalakwitsa kwambiri chifukwa amasankha ndi mkwiyo, akuti ine ndikufuna kukaonana ndi jaji. Sankhani poyang'ana fuwa lomwe lasowa. Ngati vuto ndi loti umboni unali wochepa, njira ndi Supplemental Claim, fomu 20-0995, yomwe imafuna umboni watsopano komanso wokhudza chomwe anakanira. Ubwino wa njirayi ndi woti a VA amakhalabe ndi udindo wokuthandizani kusaka mapepala, mukawalembera fomu 21-4142 amakaitanitsa okha ku zipatala zomwe si zawo, ndipo kawirikawiri amaitananso munthu kukayezedwa kachiwiri. Ngati umboni unalimo kale mu fayilo koma wogamula sanauone kapena wapotoza lamulo, monga nkhani ya profile ija, njira ndi Higher-Level Review, fomu 20-0996, pomwe wogamula wamkulu amaona fayilo yomweyo mwatsopano. Pa fomuyi pali malo opempha kuti akuimbireni foni kamodzi, chongani pamenepo, ndipo pa foniyo osayamba kulongosola mbiri ya moyo wonse, mungonena kuti onani tsamba lakuti, deti lakuti. Koma njirayi silandira pepala latsopano ngakhale limodzi.

Izi ndinaziphunzira ndi manyazi. Lamuloli litangoyamba kumene, ndinathandiza bambo wina kutumiza Higher-Level Review ndipo tinaphatikizapo kalata yabwino zedi ya dokotala wake, ine ndili ndi chikhulupiriro chonse. Patatha miyezi inayi yankho linabwera, akananso, ndipo analemba bwinobwino kuti kalata ya dokotalayo sanaiwerenge chifukwa njirayi siilola. Tinachita kubwereranso ndi Supplemental Claim ndi kalata yomweyo n'kupambana, deti silinatayike chifukwa tinali m'kati mwa chaka, koma miyezi inayi ija bamboyo anali akuvutika ndi lendi chifukwa cha ine.

Njira yachitatu ndi ya ku Board of Veterans' Appeals ku Washington, fomu 10182, komwe nkhani imaonedwa ndi jaji. Kumeneko mumasankhanso, jaji angoona zomwe zilipo, kapena muwonjezere umboni m'masiku 90, kapena mulankhule naye, masiku ano zimatheka pa vidiyo muli kunyumba. Majajiwa amalidziwa lamulo ndipo umboni wa anthu wamba amaumvetsera bwino, koma mzere wake ndi wautali, njira ziwiri zoyamba zija a VA amati cholinga chawo ndi masiku 125 pomwe ku Board ngakhale njira yachangu cholinga chake ndi chaka, ndipo yofuna kulankhula ndi jaji imatha zaka. Ine ku Board ndimapita pomwe umboni wakwana koma a m'maofesi akukanabe. Board ikakana pali khoti, Court of Appeals for Veterans Claims, ndipo kumeneko nthawi ndi masiku 120 okha osati chaka, pamenepo mpofunika loya ndithu. Chinanso, nthenda iliyonse itha kuyenda njira yakeyake, msana uku bondo uko, chomwe sichiloledwa ndi kuika nthenda imodzi m'njira ziwiri nthawi imodzi.

Ndiye pa msana wa alamu, ndikanakhala ine, pokhapokha lipoti la woyeza litakhala ndi cholakwa choonekeratu, ndikanapita ndi Supplemental Claim, ndi makalata a mboni aja komanso kalata ya dokotala. Kalata ya dokotalayi tiikambe pang'ono chifukwa zambiri zomwe ndimaona n'zosathandiza. Mizere iwiri yoti wodwalayu ndi wanga ndipo msana wake unayamba ku usilikali, sitampa, siginecha, imeneyo wogamula amaiika pambali. Dokotala anene kuti wawerenga mapepala a ku usilikali ndi a pambuyo pake, atchule nthenda yomwe X-ray kapena MRI yaonetsa, afotokoze chifukwa chake akuona kuti ntchito yomwe alamu ankagwira ndi yomwe inayambitsa, ayankhe mfundo ya woyeza wa VA ija ya zaka za zii, kenako agwiritse ntchito mawu aja a 50 kwa 50. Chomwe chimalemera ndi chifukwa chomwe wapereka, osati kuchuluka kwa madigiri ake. Mupitireni ndi mapepala osanja kale bwino, masamba ofunika mutawapinda pakona, madokotala kuno alibe nthawi. Ndipo fufuzani ngati pali X-ray iliyonse yomwe anajambulitsa chaka choyamba atangotuluka, chifukwa nyamakazi ya m'mafupa ili pa mndandanda wa matenda omwe akaoneka mokwanira m'chaka chimodzi munthu atatuluka, lamulo limangowatenga kuti anachokera ku usilikali.

Bondo ndikukaikira kuti analikana pa fuwa loyamba, kuti palibe nthenda yomwe yapezeka. Ngati ndi choncho apite akalionetse, makamaka tsiku lomwe latupa, lijambulidwe, dokotala alembe. Dziwaninso kuti mu 2018 khoti lalikulu la apilo, pa mlandu wa Saunders v. Wilkie, linagamula kuti ululu pawokha utha kuwerengedwa ngati chilema ngati ukulepheretsa munthu kugwira ntchito bwino, olo dzina la nthenda lisanapezeke. Koma pa bondo pali khomo lina lomwe anthu amaliiwala. Sikuti nthenda iliyonse iyenera kuyambira ku usilikali, ikhoza kubadwa kuchokera ku nthenda ina yomwe a VA avomereza kale, kapena kukulitsidwa nayo. Munthu wa msana amayenda mopendama, kulemera konse kumapita mwendo umodzi, pakapita zaka bondo limayamba. Msana ukavomerezedwa, bondo litha kulowera pamenepo ngati dokotala wanena. Chimodzimodzi dzanzi kapena ululu wotsika m'mwendo kuchokera ku msana, umenewo umapatsidwa maperesenti akeake, ndiye ngati alamu amamva zimenezi azitchule.

Nkhani ya mphuno ndiyomwe yandisangalatsa mu kalata yanu yonse. Mu 2016 anawakana mwina chifukwa panalibe wonena kuti inachokera ku Iraq. Koma mu August 2022 kunasainidwa lamulo la PACT Act, lokhudza asilikali omwe anapuma utsi wa maenje otenthera zinyalala m'misasa, aja amati burn pits, momwe ankaotcha mapulasitiki, matayala, mafuta ndi zina zotero. Amene anali ku Iraq, Kuwait ndi maiko ena ozungulira kuyambira August 1990, kapena ku Afghanistan, Djibouti ndi kwina kuyambira September 2001, amangotengedwa kuti utsiwo anaupuma, ndipo pali matenda omwe sakufunikanso fuwa lachitatu, monga sinusitis yosatha ndi rhinitis yosatha, awiriwa ndi matenda a m'mphuno, mphumu yomwe yapezeka munthu atatuluka, matenda a m'mapapo a bronchitis yosatha ndi COPD, komanso makhansa angapo. Ndiye chofunika apa ndi ziwiri zokha, pepala loonetsa kuti anali ku Iraq, lomwe nthawi zambiri DD214 yawo, chikalata chomwe anapatsidwa potuluka usilikali, imaonetsa, ndi dokotala wolemba kuti nthendayo ndi yosatha, osati chimfine cha nyengo. Popeza anakanidwapo kale, khomo lake ndi Supplemental Claim. Ndalama sizingabwerere mpaka 2016, zimenezo iwalani, koma mwezi uliwonse womwe mukuchedwa ndi wotayika.

Tsopano alamu. Mawu oti sindine wopemphetsa ndawamva kambirimbiri, kwa azungu, kwa akuda a konkuno, koma ife a kwathu tili ndi vuto lowonjezera. Tinaleredwa kuti munthu akakufunsa muli bwanji umati ndili bwino kaya inu, olo uli chigonere pa mphasa, ndipo mwamuna salira. Chizolowezi chimenechi ku C&P exam chimawononga. Ndinaperekezapo bambo wina wa kwathu konkuno, m'galimoto anakhala chopendekera njira yonse, potsika anachita kugwira chitseko ndi manja awiri, koma atalowa woyeza atangomulonjera iye anati ndili bwino kwambiri, ndipo atauzidwa kuti awerame analuma mano n'kuwerama mpaka zala kufika pa maondo kudutsa, kufuna kuonetsa kuti ndi mwamuna. Woyeza anaika kachipangizo kake koyezera madigiri n'kulemba nambala yabwino. Titatuluka thukuta lili kamukamu, kunyumba anagona masiku awiri, koma pa pepala anali munthu wa bwinobwino. Maperesenti a msana, omwe ndi muyezo wa ndalama zomwe munthu amalandira pa mwezi, amayendera madigiri amenewa, munthu wabwino amawerama kufika 90, wowerama kupitirira 60 koma osadutsa 85 amapatsidwa 10 peresenti, kupitirira 30 koma osadutsa 60 ndi 20 peresenti, 30 kutsika m'munsi ndi 40 peresenti. Ndiye akadzaitanidwanso, anene pomwe ululu wayambira, afotokoze masiku oipa, kuti amabwera kangati pa mwezi, amatenga nthawi yaitali bwanji, amalephera chiyani. Sindikuti anamizire ayi, kunama kwa a VA ndi mlandu ndipo oyeza amazindikira, ndikuti asabise. Komanso tsiku loyezedwa asaliphonye, ngati sizitheka aimbe foni asinthe, chifukwa kujomba kokha kutha kugwetsa claim.

Muwauze kuti izi si zachifundo, ndi chipukuta misozi, boma linawatenga ali a bwinobwino, linawayeza polowa, ndipo linalonjeza mwa lamulo kuti chomwe chaonongeka pa ntchito lidzalipira. Ndalamazi sizidulidwa msonkho. Masamu ake ndi achilendo pang'ono, saphatikiza mwachindunji, mwachitsanzo msana utapatsidwa 20 ndi makutu 10, amachotsa 20 pa 100 kutsala 80, kenako 10 peresenti ya 80 ndi 8, zonse 28, n'kuzikweza kufika 30. Ndipo 30 ndi nambala yofunika kwa inu chifukwa kuyambira pamenepo amawonjezera ndalama za mkazi ndi ana. Makutu olira aja 10 ndiye pothera pake, musataye nthawi kulimbana nawo, koma ngati akumvanso movutikira imeneyo ndi claim ina payokha.

Za munthu wa pa Facebook uja, musasaine kanthu. Palibe munthu woona mtima angakulonjezeni 100 peresenti asanaone fayilo. Mwa lamulo, wothandiza pa claim ya VA ayenera kukhala wovomerezeka ndi a VA eni ake, ndipo pa webusaiti yawo pali posakira dzina kuti muone ngati alimo. Mabungwe monga DAV, VFW ndi American Legion amathandiza ulere, simuyenera kukhala membala, ndipo ku Indiana ma county ali ndi maofesala awo othandiza asilikali akale, nawonso ulere, mungosaina fomu 21-22 kuti akuimireni. Kunena zoona si onse omwe ali akhama, ena ali ndi mafayilo ochuluka moti foni sabweza, ndiye woyamba akakugwiritsani fuwa la moto musinthe, ndi ufulu wanu. Loya kapena agent wovomerezeka amaloledwa kulipiritsa pokhapokha chigamulo choyamba chitatuluka, ngati mmene zilili kwa inu pa msana ndi bondo, ndipo ambiri amatenga 20 peresenti ya ndalama za m'mbuyo zokha, mukapambana, osakhudza za mwezi ndi mwezi za kutsogolo. Yoposa gawo limodzi mwa magawo atatu a VA amaiona kuti ndi yowonjeza. Anthu ngati wanuyo amadzitcha alangizi kuti azembe malamulowa, sasaina dzina lawo pa fomu iliyonse, ena amapempha password ya akaunti ya VA kapena ya ku banki, ena amaphunzitsa munthu zonena zabodza, zikavuta wotsala pa moto ndi msilikali, iwo kulibe. Pa siteji yomwe muli ine ndikanayamba ndi aulere. Loya ndikanamufuna Supplemental Claim ikakanidwanso ngakhale kalata ya dokotala ili yabwino, kapena nkhani ikamapita ku Board.

Zobwerera kumudzi sizikulepheretsani, chipukuta misozi cha VA chimapitirira olo munthu akukhala kunja kwa America, ndipo pali Foreign Medical Program yomwe imalipira chithandizo cha matenda okhawo omwe a VA anavomereza kuti ndi a ku usilikali. Mwaona kufunika kwake? Msana ukapanda kuvomerezedwa, kumudzi mudzalipira nokha. Ndiye malizani nkhondoyi muli konkuno komwe MRI ili pafupi ndipo kuyezedwa sikuvuta kukonza, ndipo musanakwere ndege onetsetsani kuti akaunti ya VA.gov ikutseguka ndipo makalata mukutha kuwaona pa intaneti, chifukwa chaka chija chimawerengedwa kuchokera pa deti la pa kalata olo envelopu itachedwa miyezi iwiri pa njira.

Ndasiyira dala kumapeto mzere womwe munaulemba mongodutsa, woti sagona ndipo amadzidzimuka. Kwa ine umenewu ndi waukulu kuposa msana. Sindinganene kuti ndi PTSD, nthenda ya maganizo yobwera munthu akadutsa mu zoopsa, amene anganene ndi dokotala, koma munthu wobwera ku Iraq amene sagona, safuna kukamba, ndipo akukankha thandizo lililonse, ayenera kuonedwa. Pa mbali ya claim, iyi ndi yatsopano osati apilo, ndipo pali kafomu kakang'ono, 21-0966, kongodziwitsa kuti mukufuna kudzapanga claim, kamasunga deti kwa chaka chimodzi pomwe iwo akukonzeka mumtima. Kuyambira 2010 lamulo linafewetsedwa, munthu amene anali m'dera la nkhondo ndipo ankakhala ndi mantha a kuukiridwa safunikanso kusaka mapepala otsimikiza tsiku ndi malo, bola dokotala wa maganizo wa VA avomereze kuti zikugwirizana. Koma musayambe ndi mafomu. Pali malo otchedwa Vet Center, sali m'chipatala, uphungu wake ndi waulere komanso wachinsinsi, ambiri ogwira ntchito kumeneko anali asilikali, ndipo amalandiranso a pabanja, moti inuyo mutha kuimba foni kukafunsa mmene mungawafikire alamu. Amuna ambiri omwe amakana kumva kwa akazi awo amamva kwa mnzawo amene anavalapo buti, ndiye ngati pali mnzawo wa ku Army amene amamukhulupirira, yemwe uja mukufuna kuti alembe umboni wa msana, muimbireni ameneyo kaye. Ndipo ngati mowa wayamba kuchuluka, kapena mwamva mawu oti bola kungofa, kapena m'nyumba muli mfuti ndipo mtima wanu sukukhazikika, musadikire claim kapena sabata yamawa, imbani 988 n'kudina 1, amayankha usana ndi usiku, ndipo mutha kuimba ndinu olo iwo atakana.